Dothi la ku Kasiya, madzi a ku Nkhunga

Mu 1972 akatswiri awiri a ku Japan, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda, adaonetsa kuti titanium dioxide, ufa woyera uja amathira mu penti, ukawombedwa ndi kuwala umagawa madzi. Ofufuza ena adadzapeza kuti ufawu umaphwanyanso mankhwala otsalira m'madzi ndi kupha tizilombo. Rutile yemwe kampani ya Sovereign Metals idapeza ku Kasiya m'boma la Lilongwe ndi titanium dioxide yemweyu. Choncho sukulu zathu zaukachenjede zisangoonerera, zilowe m'kafukufukuyu, ndipo madzi oyesera zikatunge ku Nkhunga. Kumeneko mtsinje wa Dwangwa umadutsa m'minda ya nzimbe usanathire m'nyanja, fakitale ya Ethco yakhala ikutcheza ethanol chiyambire 1982, ndipo pagombe mayi amatsuka mbale pomwepo pamene mwana akutunga madzi akumwa, asodzi akukhuthula usipa chapafupi.

Otsutsa ali ndi mfundo zolemera. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chidasowa sichinali ufa wamakono ayi, koma zimbudzi, mijigo yogwira ntchito ndi klorini, yemwe ngwotsika mtengo. Akuti ufawu umadalira kuwala kwa ultraviolet, komwe ndi kagawo kochepa chabe ka kuwala kwa dzuwa, ndipo madzi amatope a m'dzinja amakutchinga. Komanso mtundu wa titanium dioxide womwe umagwira bwino ntchitoyi ndi anatase, osati rutile, ndiye munthu sangangofukula dothi la ku Kasiya n'kukathira m'chitsime. Zonsezi nzoona, ndipo ndalama ya mjigo isapatutsidwe kukagulira zida za mu labotale. Koma ntchito yaikulu ya klorini ndi kupha tizilombo, mankhwala ambiri a m'munda sawachotsa m'madzi. Zovuta zomwe otsutsawo akutchula ndizo ntchito yeniyeni ya ofufuza: kusakaniza ufawu ndi zinthu zina kuti uzigwira ndi kuwala wamba, ndi kuumatiza pamchenga kapena padongo lootcha kuti usamakokoloke ndi madzi. Zikayesedwa m'madzi oyera a mu labotale ya kunja, zotsatira zake sizitiuza kanthu za mtsinje wa Dwangwa mu February. Pokambirana za mgodi wa ku Kasiya, boma liumirire kuti gawo la ndalama zake lipite kwa ofufuza za chemistry a ku UNIMA ndi MUST, ndi lamulo lakuti madzi a m'mbali mwa nyanja ayambe ayezedwa m'chilimwe ndi m'dzinja.