Musanagule jezi, yambani mwaitembenuza

Mwana akapempha jezi yampira, ambirife timangoyang'ana mtundu wake, nambala yakumsana ndi mtengo. Koma kuno ku Muloza, m'munsi mwa phiri la Mulanje, komwe mvula imagwa yochuluka ndipo mpweya umakhala wachinyezi, tizifunsanso kuti nsaluyo idzatani ikakumana ndi thukuta.

Thupi limazizira thukuta likamauma. Thonje ndi lofewa pakhungu, koma limamwa thukuta n'kulisunga. Malaya amalemera, amamatirira, kenako amayamba kukhula m'khwapa ndi m'ntchafu mpaka khungu kunyuka. Pamalo ponyowa ndi pofunda potero ndi pamene zipere zimakonda. Ndipo chiperoni chikawomba, malaya onyowa aja amalowetsa chisanu m'thupi.

Polyester samwa madzi kwenikweni. Ikalukidwa bwino, imapititsa thukuta kunja n'kuuma msanga. Vuto lake ndi lakuti imagwira mafuta a m'thupi, choncho sichedwa kununkha.

N'chifukwa chake opanga nsalu amasakaniza ulusi. Mukakhala pa kaunjika ku Limbuli, tembenuzani chovalacho muwerenge kansalu kolembedwa ka pakhosi kapena ka m'mbali. Mukaona "65% polyester, 35% cotton", dziwani kuti ndi cholimba, chimauma msanga kuposa thonje lokhalokha, komanso chimafewako. Chimenechi n'choyenera woyenda ulendo wam'mawa kapena wopalasa kabaza. Wosewera mpira kapena netibolo amapindula ndi polyester yochuluka. Mukaona mawu oti elastane, spandex kapena Lycra, ndi ulusi umodzi womwewo wotamuka, wotulukiridwa ku America mu 1958. Pang'ono pokha umakwanira kuti kabudula asamange miyendo.

Kasamalidwe kakenso n'kofunika. Vulani jezi mukangomaliza masewera, sambani, ichapeni tsiku lomwelo moitembenuza. Musaisiye m'chikwama usiku wonse. Madzi otentha kwambiri, Jik ndi simbi yamakala zimapha ulusi wotamuka uja. Mukagula ya kaunjika, ichapeni isanavalidwe.

Chenjezo lalikulu lili kukhitchini. Polyester ikagwira moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu, ndipo bala lake limakhala lakuya. Mwana akabwera kubwalo, avule jezi asanayandikire mbaula kapena mafuwa.

Makolo, mphindi imodzi yowerenga kansalu kaja siwononga ndalama, koma ingamupulumutse mwana wanu ku zilonda zimene zikanamuletsa kusewera.