Wochira sepsis tisamuthamangitsire khasu

Malume anga a kwa Nchema anadzitema ndi khasu kuphazi akulima mizere mu Okutobala. Anangomangapo kansalu n'kupitiriza ntchito. Patapita masiku anayi anayamba kutentha thupi, kupuma mwabefu ndi kulankhula zosamveka. Ku chipatala cha boma cha Chiradzulu anatiuza kuti ndi matenda a sepsis. Tizilombo ta pabala tinali titafalikira, ndipo thupi polimbana nato linayamba kuwononga ziwalo zake zomwe, monga impso ndi mapapo.

Anatuluka m'chipatala, koma pofika nthawi yopalira mphamvu zinali zisanabwerere. Akapalira mizere itatu, ankakhala pansi. Ankaiwala pamene asiya thumba la feteleza. Ena anayamba kunong'ona kuti bambowa alowa ulesi, ena n'kumati awalodza.

Sunali ulesi ndiponso sunali ufiti. Bungwe la zaumoyo la WHO limati mu 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis pa dziko lonse, ndipo 11 miliyoni anamwalira. Ambiri mwa opulumuka amatha miyezi akutopa msanga, kuiwalaiwala, kusowa tulo ndi kudwaladwala.

Vuto ndi lakuti mvula siidikira wodwala, ndipo minda yathu kuno ku Chiradzulu ndi yaing'ono. Chaka chimodzi chikalephereka, njala yalowa pakhomo. N'chifukwa chake ndikuti banja ndi kalabu ya alimi azikonza munda wa wochirayo molingana ndi mphamvu zake. Agawane masiku olima ndi opalira. Aphimbire nthaka ndi mapesi kuti udzu uchepe, ndipo adzale nandolo pakati pa chimanga, poti safuna ntchito yambiri. Mwini wakeyo apatsidwe ntchito zopepuka monga kusankha mbewu ndi kudyetsa nkhuku, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Mazira, nsinjiro ndi mkaka zisamapite zonse kumsika. Thupi lake likuzifuna kuti limange minofu.

Tikamukakamiza kugwira khasu msanga, tingamubwezere m'chipatala, ndipo ndalama za ulendo ndi zosamalira wodwala zidzaposa za aganyu amene tinawakana.

Inu amene muli bwino, bala la kumunda litsukeni ndi sopo ndi madzi oyera. Munthu akayamba kutentha thupi, kupuma mofulumira, kusokonezeka mutu kapena kukodza pang'ono, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.