Okwera kumbuyo kwa pikapu akufunika lamulo lomveka

Loweruka masana mumsewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre mumadutsa pikapu yodzaza amayi a mvano, akuimba, ulendo wa kumanda. Pambuyo pake pakubwera ina, anyamata ochemerera mpira atakhalira m'mphepete, miyendo ili lende, akuthamangira ku Kamuzu Stadium. Yachitatu yasenza simenti ndi malata, aganyu awiri ali pamwamba pa katunduyo. Onsewa amadutsa apolisi a pamsewu akuona, ndipo woti aimitsidwe ndi woti apitirire zimatengera tsiku lake.

Pikapu anaipangira katundu. Kumbuyo kulibe mpando, kulibe lamba, kulibe denga. Dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi pozemba wa kabaza, amene wakhala kutsogolo lamba amamugwira, koma wakumbuyo amakagwera pa phula. Mwana, poti manja ake sagwira zolimba, ndiye amayamba kuponyedwa.

Ena amati mankhwala ake ndi kuletseratu. Dziko la Thailand linayesa zimenezo mu Epulo 2017, chikondwerero cha Songkran chitayandikira, nthawi imene mabanja ambiri amapita kumudzi pa mapikapu. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo pasanathe masiku boma linafewetsa, n'kulola anthu osapitirira 6 kumbuyo bola asakhalire m'mphepete. Kunonso banja la ku Ndirande kapena ku Kawale limene lagweredwa zovuta silingapeze msanga ndalama yohayala basi. Chiletso chimene anthu sangathe kuchisunga chimangotsegula khomo la ziphuphu pamsewu.

Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amakwera mapikapu (mabakkie) popita ku ganyu, anasankha kulemba zinthu zoyezeka. Munthu wokhala pansi kumbuyo, m'mbali mwa galimoto muyenera kumutchinga mamilimita 350 kuchokera pamene wakhalapo. Woimirira, mamilimita 900. Anthu saloledwa kukhala pamodzi ndi zipangizo kapena katundu popanda chowalekanitsa. Ndipo kuyambira mu Meyi 2017, kunyamula ana a sukulu kumbuyo kwa pikapu mowalipiritsa ndi mlandu. Si kuti aliyense kumeneko amamvera, ayi. Koma wapolisi ndi dalaivala akaima pambali pa msewu, onse awiri amadziwa chimene akukambirana, ndipo tepi yoyezera ikhoza kuthetsa mkangano.

Malawi ali ndi lamulo la pamsewu la mu 1997, alinso ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu, DRTSS. Chikusowa ndi mawu achidule amene dalaivala wa pikapu ya hayala ku Limbe angawanene pamtima: anthu angati, akhale motani, liwiro lotani akawanyamula. Matola a kumidzi, kumene minibasi siifika, ndi nkhani ina yofuna kuileza mtima. M'tauni muli minibasi, choncho palibe chifukwa choti mwana wa Sitandade 2 azipita kusukulu atagwirira chitsulo kumbuyo kwa galimoto, makolo atalipira mwezi wonse.

A DRTSS, apolisi ndi makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba akhale pansi, alembe malamulowa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, awalengeze pa wailesi. Magalimoto a zipani opita kumisonkhano awatsatenso chimodzimodzi. Ndipo ayambire pa ana a sukulu, teremu ikubwerayi isanatsegulidwe.