Za kuntchito: Tiyambe tamvana, code ibwere pambuyo

Lero ndikuuzani za sabata imene ndinachita manyazi kuntchito.

Gulu lathu limapanga app yogulira matikiti a basi, ya pa Android ndi pa iPhone, pogwiritsa ntchito React Native. Poti code ndi imodzi, tinkaganiza kuti app izichita zofanana pa mafoni onse awiri. Ayi ndithu! Android ili ndi batani lobwerera m'mbuyo, pomwe pa iPhone munthu amakoka chala kuchokera m'mphepete mwa sikirini. Ife tinkayesera pa iPhone basi. Anthu ena a Android akalipira n'kudina batani lija, ankapezeka pa tsamba lolipirira, n'kulipiranso kachiwiri. Ndalama tinabweza, koma mafoni odandaula sanathe msanga.

Zitatero tinayamba BDD, njira imene Dan North anaifotokoza mu 2006. Code isanalembedwe, anthu atatu amakhala pansi: wodziwa zofuna za makasitomala, wolemba code, ndi woyesa app. Amalemba zitsanzo ndi mawu atatu, Given, When ndi Then. M'Chichewa tingati "Tiyerekeze kuti", "Pamene", ndi "Ndiye kuti". Chathu chinali chotere:

Tiyerekeze kuti munthu walipira kale tikiti.
Pamene wabwerera m'mbuyo,
Ndiye kuti aone tikiti yake, asalipirenso.

Mwaona kuti batani sitinalitchule? Chitsanzocho chimanena zimene munthu akufuna, osati mmene foni inapangidwira. Cucumber imawerenga mizereyo, kenako Appium imadina batani pa Android ndi kukoka pa iPhone. Chitsanzo chimodzi, mafoni awiri.

Koma zida sizinali zofunika kwambiri. Chimene chinatipulumutsa ndi funso la mnzathu woyesa app pa msonkhano woyamba: "Nanga intaneti ikaduka ali mkati molipira?" Palibe amene anali ataganizapo. Akuluakulu sananame, mutu umodzi susenza denga.

Ntchito yanu sabata ino: lembani chitsanzo chimodzi m'Chichewa ndi mawu atatu aja, kaya cha app, kaya cha kuphika nsima. Mutitumizire, tidzawerenga zina mu gawo lotsatira. Tsalani bwino.