Safunsa anadya phula, ngakhale m'tchalitchi

Azakhali anga anamwalira kabotolo ka mafuta odzozera kali pansi pa pilo, mabotolo awiri a ma ARV ali chitsekere m'sutikesi. Anali atamwa mankhwalawo zaka zambiri, ali ndi mphamvu zawo, akuchita geni ya tomato ndi usipa, ana akupita kusukulu. Kenaka kwathu kunafika mneneri wina. Anawasanjika manja n'kulengeza pagulu kuti kachilombo kathawa, ndipo kupitiriza kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu. Chaka chisanathe tinaika maliro. Mneneri uja sanabwere kusiwa, anangotumiza uthenga woti malemuwo chikhulupiriro chinawachepera.

Ndikulemba izi ndili Mkhristu, ndipo Lamulungu likubwerali mukandipeza kutchalitchi. Mkwiyo wanga suli pa mneneri yekhayo, uli pa inenso. Nthawi imeneyo n'kuti ndili chaka choyamba ku yunivesite. Ndinkadziwa bwino kuti ma ARV sapha kachilombo koma amangokafooketsa, ndipo munthu akawasiya kamachulukananso m'magazi. Koma ndinakhala duu, kuopa kuti anganditche wolimbana ndi wodzozedwa wa Mulungu.

Anzanga, matenda amenewa tili nawo ambiri pasukulu pano. Mphunzitsi sangalandire asayimenti yopanda umboni, ndipo ife timagona mu laibulale kufufuza kuti mfundo yakuti inachokera kuti. Koma Lachisanu usiku tikalowa m'mapemphero ochezera, nzeru zonse timazivula pakhomo ngati nsapato. Wina akati mubweretse ndalama ya upkeep ngati mbewu kuti mukhoze mayeso, timapereka, mwezi wonse n'kumagonera madzi. Wina akagulitsa cholembera chodzozedwa, timagula, supp n'kubwerabe.

Mwina mukuti izi n'zazing'ono. Kumbukirani Shakahola. Mu Epulo 2023 apolisi a ku Kenya anayamba kufukula mitembo m'nkhalango ina pafupi ndi tawuni ya Malindi, ndipo chiwerengero chinapitirira 400, ana ambiri ali momwemo. Anali otsatira a Paul Mackenzie wa mpingo wa Good News International, ndipo opulumuka anafotokoza kuti anauzidwa kusala kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Koma nkhaniyi sinayambire pa njala. Inayamba ndi ziphunzitso zoti sukulu ndi chipatala n'za Satana. Kenaka anthu anasiya ntchito, kugulitsa katundu, kudukana ndi abale, n'kusamukira kunkhalango. Pa sitepe iliyonse panali mpata wofunsa funso. Palibe amene amadzuka m'mawa n'kuvomera kupha mwana wake ndi njala. Amayamba wazolowera kuvomera zing'onozing'ono osafunsa.

Choncho chizindikiro chachikulu cha mphunzitsi wonyenga, kwa ine, si suti yodula kapena galimoto. Ndi mmene amachitira mukamufunsa. Buku la Machitidwe 17:11 limayamikira anthu a ku Bereya chifukwa ankafufuza malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zomwe Paulo ankawauza zinali zoona. Taganizani, Paulo mwiniwake, mtumwi, ankayesedwa ndi anthu wamba, ndipo Baibulo likuti anachita bwino. Pa Agalatiya 2 Paulo yemweyo anadzudzula Petro pamaso pa anthu ku Antiokeya. Nanga "papa" wanuyo ndi wamkulu motani kuposa Petro kuti iye asafunsidwe?

Ndikudziwa mayankho omwe tipatsidwe. Loyamba ndi Salimo 105:15, vesi lomwe amatiopseza nalo kuti wodzozedwa sakhudzidwa. Tawerengani salimo lonselo. Likukamba za Abrahamu, Isake ndi Yakobo ali alendo ochepa m'maiko a eni, Mulungu akuchenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Silikuletsa mayi wogulitsa tomato kufunsa komwe chakhumi chake chapita. Lachiwiri ndi Mateyu 7:1, loti tisaweruze. Tsikani pang'ono m'mutu womwewo, vesi 15 mpaka 20: Yesu yemweyo akutichenjeza za aneneri onyenga, n'kutiuza kuti tiziwayesa poona zipatso zawo. Mungaone bwanji zipatso mutatsinzina?

Yankho lachitatu ndi lomwe limagwira ambiri: "Koma amachita zozizwitsa, ananditchulira nambala yanga ya foni." Nambala yanu ili pa WhatsApp gulu la fellowship, ndipo mavuto anu munawalemba nokha pa Facebook. Ngakhale chozizwitsacho chitakhala chenicheni, Deuteronomo 13 ikunena kuti chizindikiro chikhoza kuchitika ndithu koma mneneriyo n'kukhalabe wosocheretsa. Ku Limpopo, m'dziko la South Africa, Lethebo Rabalago ankapopera anthu mankhwala ophera tizilombo a Doom kumaso mu 2016, ati kuwachiritsa. Panali anthu ochitira umboni kuti achira. Khoti linamupeza wolakwa mu 2018. Umboni wa pa maikolofoni si zotsatira za ku labu.

Sindikunena kuti m'busa aliyense wopempha chopereka ndi wakuba. Tchalitchi chimafuna denga, magetsi amalipidwa, ndipo abusa nawo ali ndi ana ofuna kudya. Ndikudziwa abusa oyenda pa njinga yakapalasa, mvula ikugwa, kukaona odwala omwe alibe ndi tambala yowapatsa. Kusiyana kwake kuli apa: kwa abusa otere kuli msungichuma, kuli akulu a mpingo, ndalama zimawerengedwa pamaso pa anthu ndipo lipoti limaperekedwa. Kwa wonyenga, chopereka chimalowa pa nambala ya foni yake, ndipo dalitso lili ndi mtengo wake. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamukalipira koopsa. Lero tangotembenuza malondawo: ogulitsa ali paguwa, ogula ndife.

Ndiye tichite chiyani? Vesi lililonse lomwe mwapatsidwa, kawerengeni mutu wonse nokha. Funsani kuti mtsogoleri wanu akalakwa amamudzudzula ndani. Ngati yankho ndi lakuti Mulungu yekha, nyamulani Baibulo lanu muzipita. Akalosera za tsiku lakuti, lembani penapake, tsikulo likadutsa mukaonenso, pakuti Deuteronomo 18:22 inatipatsa kale muyeso umenewu. Akakuuzani kuti amayi anu ndi mfiti, musiye kuyankha foni zawo, dziwani kuti akukuchotsani pakati pa anthu omwe akanakutsinani khutu. Ndipo akanena kuti mwachira, thokozani Mulungu, koma mankhwala musasiye mpaka adokotala atakuyezani. Machiritso enieni saopa kuyezedwa magazi.

Komanso yang'anirani mnzanu wa m'chipinda. Akayamba kujomba m'kalasi chifukwa cha mapemphero a kuphiri, akagulitsa laputopu kuti akafese mbewu, musangomuseka pa gulu. Khalani naye pansi, tsegulani Baibulo limodzi, mufunseni mafunso omwe iye akuopa kufunsa. Mwina akwiya, mwina akutchani wachikunja. Ine ndinasankha kuti azakhali asandikwiyire, ndipo lero ana awo awiri akuleredwa ndi agogo.