Zigamba ndi ndalama, koma phuma likuononga

Pakhonde la sitolo pamene pali telala, dzuwa likamalowa pansi pamakhala pali mbwee tizidutswa ta zitenje. Ena amangosesa n'kutentha, koma ochenjera amatidula m'timizere n'kutilumikiza kukhala chofunda cha pabedi. Masiku ano pamene kaunjika walanda atelala makasitomala, imeneyi si ndalama yoitaya.

Chodandaulitsa n'choti zofunda zambiri zotere zimatuluka zokhota ngati uta. Ukayala pabedi, pakati patukumuka, ngodya zathawana. Wogula akaona choncho amanenerera mtengo mpaka wosoka kutsala ndi ya ulusi yokha.

Ambiri amaloza chala makina, ati akalamba. Koma makina salakwa. Cholakwa ndi phuma.

Mano a pansi pa singano amakoka nsalu yam'munsi mofulumirirako kusiyana ndi yapamwamba. Pamsoko umodzi kusiyanaku sikuoneka, koma misoko khumi ikayambira mbali imodzi, chofunda chimapindika ndithu. Mankhwala ake ndi aulere: msoko woyamba uchokere kumutu kupita kumiyendo, wachiwiri uchokere kumiyendo. Ndi bwinonso kusoka timizere tiwiritiwiri, kenaka n'kulumikiza magulu aja.

Nkhani imayambira pa lumo. Nsalu yodulidwa motsata utali wa chitenje sitamuka kwambiri ngati yodulidwa chopingasa, ndipo yodulidwa kuchokera ngodya kupita ngodya ndiye imatamuka zedi. Nsalu ikapindidwa mopotoka podula, mzere umatuluka ndi chigongono pakati. Zigamba ziyambe zachapidwa, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikalawa madzi koyamba.

Posoka, manja aongolere nsalu, asaikoke. Msoko ukhale wofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kota ya inchi, yomwe ndi pafupifupi mamilimita 6. Simbi nayonso, kaya ya makala kaya ya magetsi, isakhwekhwerezedwe ngati posita buluku. Iikidwe pamsoko, inyamulidwe, iikidwenso patsogolo.

Ena anena kuti zonsezi n'zochedwetsa pomwe kunyumba ana akudikira ufa. N'zoona, ntchito yotere imadya nthawi. Koma kusomola msoko wokhota kumadya nthawi yoposa, ndipo kasitomala wokhumudwa sabwerera, amakauzanso anzake kuchigayo.

Makolo amene akuphunzitsa ana kusoka ayambire pamenepa, mwana asanathamangire madiresi a ukwati. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chofunda chogona bwino pabedi chimaitana chokha wogula wina.