Mankhwala a sickle cell apezeka, koma ana a mu Africa adikirabe

Mu November 2023, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko la Britain linavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy, ndipo mwezi wotsatira dziko la America linachitanso chimodzimodzi. Aka kanali koyamba kuti boma lilole madokotala kuchiza anthu pogwiritsa ntchito CRISPR, njira yodula ndi kusintha DNA. Imodzi mwa nthenda zimene chithandizochi chimalimbana nazo ndi ya sickle cell, yomwe ana ambiri obadwa nayo ali mu Africa muno. Mtengo umene unalengezedwa ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa wodwala mmodzi.

Nkhaniyi ikukhudza onse amene amakonza ndondomeko za umoyo, ndipo kuti imveke bwino pafunika kuyamba ndi DNA yeniyeniyo.

DNA ndi ulusi wautali zedi umene umapezeka pakati pa maselo a thupi, ndipo ndi mmene munalembedwa malangizo a chibadwa cha munthu. Maonekedwe ake ali ngati makwerero opotedwa. Zopondapo zake zimapangidwa ndi timakemikolo tinayi tomwe akatswiri amatitchula ndi zilembo A, T, G ndi C. Lamulo lake n'losasintha: A amagwirana ndi T, pamene G amagwirana ndi C. Choncho selo likamagawika, makwererowo amang'ambika pakati ndipo mbali iliyonse imakhala chitsanzo choumbira inzake. Umu ndi mmene malangizo amafikira m'maselo atsopano, komanso kuchoka kwa makolo kupita kwa ana. Ulusi wa m'selo limodzi utatambasulidwa ungatalike pafupifupi mamita awiri, koma unakulungidwa m'timitolo 46 totchedwa ma chromosome, 23 tochokera kwa mayi ndi 23 tochokera kwa bambo.

Friedrich Miescher ndiye anayamba kupatula DNA mu 1869 ku Tübingen, m'dziko la Germany, koma maonekedwe ake anadziwika mu 1953 pamene James Watson ndi Francis Crick a ku Cambridge anawafotokoza, mothandizidwa ndi zithunzi za X-ray zochokera ku ntchito ya Rosalind Franklin ku London. Ntchito yowerenga zilembo pafupifupi 3 biliyoni za chibadwa cha munthu inayamba mu 1990 n'kulengezedwa kuti yatha mu 2003, ngakhale kuti zigawo zovuta zinamalizidwa mu 2022.

Thupi limawerenga zilembozi zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse zimatchula njerwa imodzi yomangira puloteni. Apa ndi pamene pagona nkhani ya sickle cell. Pa chromosome ya nambala 11 pali malangizo opangira mbali ina ya himogulobini, puloteni imene imanyamula mpweya wa okosijeni m'magazi. Pamalo achisanu ndi chimodzi, pomwe anthu ambiri ali ndi GAG, ena ali ndi GTG. Chilembo chimodzi chokhacho chimasintha njerwa imodzi mwa 146, monga mmene Vernon Ingram anasonyezera ku Cambridge m'zaka za 1956 ndi 1957. Mpweya ukachepa, himogulobini yotereyi imamatirirana n'kukhala ngati timitengo, ndipo selo lofiira la magazi, lomwe limayenera kukhala lobulungira ndi lofewa, limauma n'kupindika ngati zenga. Maselo opindikawa amatseka timitsempha ting'onoting'ono. Zotsatira zake ndi ululu woopsa m'mafupa, kuwonongeka kwa kapamba, kugwidwa msanga ndi matenda ena, ndipo nthawi zina kufa kwa ziwalo mwana akadali wamng'ono. Selo labwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene lopindika limafa pakati pa masiku 10 ndi 20, n'chifukwa chake odwala amasowa magazi kawirikawiri.

Pali mfundo imene ogwira ntchito za umoyo ndi zachitukuko cha m'midzi ayenera kuigwiritsitsa. Mwana amadwala nthendayi pokhapokha atalandira chibadwa cholakwika kuchokera kwa makolo onse awiri. Bambo ndi mayi angathe kukhala athanzi labwino, aliyense atanyamula mbali imodzi yokha osadziwa, ndipo pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi nthendayi. Motero banja limene limaloza chala mayi yekha, kapena kuthamangira kunena kuti mwana walodzedwa, likulakwira munthu wosalakwa. Nthendayi si yopatsirana.

Chifukwa chimene chibadwachi chinafalikira kwambiri mu Africa chinafotokozedwa mu 1954 ndi Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa. Iye anapeza kuti amene ali ndi mbali imodzi yokha amatetezedwa ku malungo oopsa. M'madera a udzudzu wambiri, ana otere ankapulumuka n'kubereka, ndipo chibadwacho chinkapitirira. Kafukufuku wa matenda pa dziko lonse anayerekeza kuti mu 2021 ana oposa 500,000 anabadwa ndi sickle cell, ndipo pafupifupi anayi mwa asanu alionse anabadwira m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Malawi ali m'gulu la maikowa.

Chodabwitsa n'chakuti Casgevy sakonza chilembo cholakwikacho. Mwana ali m'mimba amakhala ndi himogulobini ya mtundu wina, imene sipinda maselo, koma thupi limaleka kuipanga yambiri pakapita miyezi ingapo atabadwa. Madokotala amachotsa maselo opanga magazi a wodwala, amadula DNA pamalo olamulira jini yotchedwa BCL11A yomwe imazimitsa himogulobini ya ukhanda, kenako amabwezera maselowo m'thupi. Njira yodulirayi inafotokozedwa mu 2012 ndi Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2020.

Komabe, ndalama si chopinga chokhacho. Maselo okonzedwawo asanabwezeredwe, wodwala amapatsidwa mankhwala amphamvu opha maselo akale a m'mafuta a m'mafupa, mankhwala omwe angathe kumuchititsa kuti asadzabereke. Amagonekedwa m'chipatala milungu ingapo m'chipinda chotetezedwa ku tizilombo, ndipo amafunika magazi ambiri oyezedwa bwino. Ngakhale mtengo utatsika kwambiri mawa, zipatala zochita zimenezi n'zochepa zedi mu Africa. Unduna umene ungayembekezere chithandizochi n'kunyalanyaza zina ungakhale ukutaya ana amene akanapulumuka lero.

Zimene zingatheke panopa n'zodziwika ndipo n'zotsika mtengo. Kadontho ka magazi kotengedwa pachidendene cha khanda n'kokwanira kusonyeza ngati lili ndi nthendayi, ndipo mzinda wa Kumasi ku Ghana unayamba kuyeza makanda motere mu 1995. Mwana akadziwika msanga amayamba kumwa penicillin tsiku ndi tsiku, amalandira katemera wa chibayo, amatetezedwa ku malungo, ndipo makolo ake amaphunzitsidwa kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Palinso hydroxyurea, mankhwala akumwa amene ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO, omwe nawonso amachulukitsa himogulobini ya ukhanda ija. Kwa nthawi yaitali panali mantha akuti mwina sangakhale abwino kwa ana a m'madera a malungo, koma kafukufuku wotchedwa REACH, amene anachitika ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019, anasonyeza kuti ululu, malungo, kuikidwa magazi ndi imfa zinachepa mwa ana amene ankawamwa.

Msonkhano waukulu wa WHO unapempha maiko mu 2006 kuti akhazikitse ndondomeko zolimbana ndi sickle cell, ndipo mu 2008 bungwe la United Nations linasankha tsiku la 19 June kukhala lokumbukira nthendayi. Chotsalira kwa maiko ndi kuika zipangizo zoyezera pamene amayi amabwera ndi ana kusikelo, ndi kuonetsetsa kuti hydroxyurea akupezeka m'nkhokwe za mankhwala za zipatala za m'maboma chaka chonse.